Nyambo za Bambo a Telma

Anzanga a pa merikado akamakumbutsana za chaka chija, amayambira pa mtengo wa chimanga. Ine ndimayambira pa bokosi lobiriwira limene linkakhala pansi pa bedi lathu ku Matema, chifukwa ndi limene linatidyetsa, ndipo chaka chomwecho ndi chimene ndinavala zakuda.

Dzina langa ndine Rozina. Ndinabadwira ku Malawi, makolo anga atathawa nkhondo ku Angónia, ndipo tinabwerera ndili kamtsikana. Mwamuna wanga Armando nayenso anali wa ulendo womwewo. Tinakumana muno mu Tete, tinamanga nyumba ya zipinda ziwiri, tinabereka ana awiri, Telma ndi kamlongo kake Nelito. Pakhomo ndinkawaitana kuti bambo a Telma, ndipo ndiwatchula choncho m'nkhani ino.

Novembro

Mvula yoyamba inagwa bwino kwambiri, moti palibe amene akanaganiza zoipa. Munda wathu unali kutsidya, kupitirira Degue, malo amene tinapempha kwa banja lina la Anyungwe. Tinkawoloka mlatho m'mamawa makasu ali paphewa, kenako n'kukwera shapa, kaminibasi ka kuno. Tinabzala chimanga kumunsi, mapira kumbali ya miyala, maungu ndi khobwe pakati. Bambo a Telma ankakumba mapando, ine pambuyo n'kumaponya mbewu. Zaka zonse ankandisiya kutali, koma chaka chimenecho ndinkawapeza msanga. Akakumba mzere umodzi ankaima, kutsamira khasu, n'kutsokomola mpaka misozi kutuluka.

"Ndi fumbi la ku Moatize ili," ankatero. "Likutuluka pang'onopang'ono."

Ku Moatize anagwirako ntchito yoyendetsa galimoto ya mzungu wina wa ku Joni amene ankakonza makina a kumgodi wa malasha. Mzunguyo anali wokonda kuwedza. Akapeza tchuthi ankanyamula dalaivala wake mpaka ku damu la Chicamba ku Manica, kumene ankakhala m'boti tsiku lonse. Ntchito itatha, patrau wawoyo akubwerera kwawo, anagawira antchito ake katundu wa m'nyumba. Wina analandira jeleira yoziziritsira zakudya, wina matiresi. Bambo a Telma anabwera ndi ndodo yowedzera yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, ndi bokosi lija.

Atalitsegula ndinaseka mpaka kukhala pansi. Munali nyongolotsi za labala, zakuda ndi zofiirira, achule awiri a labala obisa mbedza kumsana, tinsomba ta pulasitiki ta mlomo wotambalala, ndi tizitsulo tonyezimira tokhala ngati supuni yothyoka chogwirira.

"Anzanu akubwera ndi jeleira, inu mwabwera ndi zidole?"

"Si zidole izi, mayi a Telma. Ndi nyambo. Amaphera nsomba ina yake ya kamwa lalikulu, loti chibakera changa chimalowa. Azungu amaitcha basi."

"Basi? Ndiye kuti mukapha imodzi, basi, kwatha?"

Anaseka nawo, koma sanasiye kundifotokozera. Lamulungu masana ankatulutsa bokosilo, kuyala nyambozo pamphasa, n'kumazipukuta imodzi imodzi. Ankati basi ndi nsomba yaulesi koma yaukali, imabisala pansi pa mitengo yomira kudikira chopusa. M'mawa madzi ali zii umaponya chule pamwamba pa udzu. Dzuwa likakwera imatsikira pansi, ndiye umaitsatira ndi nyongolotsi, kukoka pang'ono, kusiya, kukoka pang'ono. Ikagwira suthamanga, umaisiya imeze kaye. Ine ndinkamvera khutu limodzi ndikusankha nyemba. Mu Zambezi wathu uno mulibe basi, choncho bokosi linkabwerera pansi pa bedi.

Dezembro

Chimanga chitafika m'maondo, iwo anayamba kutuluka thukuta lonyowetsa nsalu, ndipo buluku linayamba kuwasefukira m'chiuno. Ndinawakakamiza kupita kuchipatala. Anatiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, n'kutipatsa mapilitsi oti azimwa m'mawa uliwonse kwa miyezi yambiri. Namwino anandiitanira pambali.

"Mayi, mankhwalawa ndi aulere, koma amafuna chakudya. Munthu akamamwa m'mimba muli mbee, amamugwetsa. Muziwapatsa nsomba, mazira, nyemba."

Ndinavomera mosavutika, chifukwa nthawi imeneyo ndinkapikula tomato ndi kabichi m'madimba a ku Nhartanda n'kumagulitsa pa merikado, ndipo kumunda kunali kobiriwira. Maganyu oyendetsa galimoto amene iwo ankapeza apa ndi apo anatha. Ndinati palibe kanthu, pofika Marso tidya zatsopano.

Chakumapeto kwa mwezi mvula inayamba kubwera mongonyenga. Mitambo inkadetsa kumbali ya Moatize, mphepo n'kuwomba, timadontho n'kungonunkhitsa fumbi, kenako nyenyezi.

Janeiro

Inadula ndithu. Amene sanakhaleko ku Tete sangamvetse dzuwa la kuno mvula ikakana. Malata ankalira okha masana. Ndikapita kumunda ndinkapeza masamba a chimanga atapiringizika ngati a anyezi. M'mawa ankatambasuka pang'ono, ine n'kulimba mtima, koma pofika masana ankabwerera. Ndinapalira munda wonse ndekha, ngakhale udzu womwe unali utafota.

Pa merikado lata ya chimanga, chitini chimene timayezera, inkakwera mtengo sabata iliyonse. Ukafunsa mtengo lero n'kupita kukasakasaka ndalama, pobwera unkapeza wasintha. Tomato anasowa ogula, chifukwa munthu wopanda ufa safunsa za tomato, ndipo mpamba wanga unathera m'mimba mwathu. Tinaimbira telefoni alamu anga a Zakariya, mng'ono wawo wa bambo a Telma, ku Angónia kumene zaka zonse kunkachokera thumba lathu. Anayankha kuti nakonso ngayaye zikuuma zisanabereke, ndipo nkhokwe yakale yafika pansi.

Mphekesera ndi zimene zinachuluka. Ena ankati thandizo lafika kale, lili m'nyumba yosungira katundu. Ena ankati makamiyau, malole aakulu ophimba matenti amene ankadutsa pamlatho anyamula chimanga cha mayiko ena. Ana ankawathamangira m'mbali mwa msewu kuyang'ana ngati pagwa njere.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la komadre wanga Marieta, Mnyungwe wa pakamwa posatopa amene anamugwira Nelito pa ubatizo. Mwamuna wake anatenga fosholo n'kupita kokumba golide kumpoto, ndipo telefoni yake inasiya kulira. Banja lina kuseri kwathu linazula malata a chipinda chimodzi n'kugulitsa. Ena anayamba kuwotcha makala, mpaka timitengo ta masawu timene tinkatipatsa mthunzi panjira.

Fevereiro

Mwezi umenewu chimanga chinafa chiimirire. Ndinasiya kupita ku Degue, chifukwa ndalama ya shapa inali yofanana ndi ufa wa tsiku. Tinkadya kamodzi, madzulo, phala la madeya lothira ufa wa malambe akale. Kamodzi ku bairo, dera lathu la m'tauni, kunagawidwa ufa ndi nandolo, ndipo tinalandira kathumba kamene sikanafike Lamulungu lachiwiri. Bambo a Telma ankamwa mapilitsi m'mawa ndi madzi okha, n'kukhala atagwira pamimba, nthawi zina n'kusanza zonse.

Tsiku lina kunabwera munthu wa sitolo ya zitsulo amene anamva za ndodo ija. Anaiyesa m'manja, anazunguza kagudumu, anasuzumira m'bokosi, n'kunena kuti apereka malata atatu a chimanga. Mtima wanga unadumpha. Bambo a Telma anatseka bokosi n'kumuthokoza munthuyo chifukwa chobwera.

Atangotuluka pageti ndinayamba.

"Malata atatu, bambo a Telma! Ana akugona akulira, inu mukukumbatira achule a labala?"

"Malata atatu atha mwezi usanathe. Kenako tigulitsa chiyani?"

"Nanga panopa zikutipatsa chiyani? Basi wanuyo ali ku Manica!"

"Mumtsinjemu muli mcheni," anatero mofatsa. "Nawonso umadya tinsomba tinzake. Chimene chimanyenga basi chikhoza kunyenga mcheni. Ndipo taonani madzi. Zaka zonse mwezi uno amakhala matope okhaokha, nsomba singaone kanthu. Chaka chino mvula kulibe, madzi ndi oyera. Mundiperekeze mawa."

M'mawa mwake ndinawakweza pa kaliyala wa njinga yathu yakale, ine n'kumakankha, mpaka pamiyala kumunsi kwa mlatho. Anasankha mwala wautali, woti ng'ona singafikepo. Anamangirira kansomba koyera, anaimirira, anaponya. Chingwe chinauluka bwino kwambiri, ndipo kwa kanthawi ndinaona mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Ataponya kangapo chifuwa chinawagwira, anakhala pansi ndodo ili pamiyendo, akupuma ngati athamanga.

Ndinali ndidakali ndi mkwiyo wa dzulo. Ndinawalanda ndodo.

"Ndiuzeni pogwira."

Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kutsokomola.

"Chala ichi chigwire chingwe. Tsegulani kawayako. Musaponye ngati mukuthamangitsa nkhuku, ndodo igwire yokha ntchito."

Ulendo woyamba kansomba kanakagwera kumbuyo kwanga pamchenga. Wachiwiri kanandikola chitenje. Amayi amene ankachapa chapafupi anasiya kuchapa, ndipo asodzi a m'bwato anakuwa m'Chinyungwe kuti mwamuna wanga andibwereke ndi buluku lomwe. Tinabwerera opanda kanthu, chingwe chitapiringizika ngati chisa.

Marso

Tinkapita m'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe. Iwo ankakhala pamthunzi wa mwala, bokosi lili pamiyendo, n'kumasankha. Poyamba anandiphunzitsa za basi, chifukwa ndi zimene ankadziwa, ndipo mcheni unatilanga nazo. Ndinaponya nyongolotsi, kukoka pang'ono, kusiya. Ndinamva kugunda kamodzi, n'kudikira kuti imeze monga anandiuzira. Pokoka ndinapeza nyongolotsi yatsala theka, yodulidwa ngati ndi lumo. Chule anapita choncho. Kenako kansomba koyera, kamene iwo ankakakonda kuposa zonse. Chinthu chinamenya ndodo mpaka dzanja kuchita dzanzi, chingwe n'kubwera chopepuka, chopanda kanthu kumapeto.

Anayang'ana malo opanda kanthu m'bokosi nthawi yaitali.

"Za basi ziiwaleni," anatero pambuyo pake. "Iyi ndi nyama ina. Siimeza, imaluma ikuthamanga. Ndipo mano ake akudula chingwe. Pakufunika waya."

Masana amenewo anamasula waya wa buleki ya njinga, anaupatula timinga take, n'kupota tiwiri titatu kutalika ngati chikhatho. Kuyambira pamenepo njinga inalibe buleki, ndipo potsetsereka ndinkaigwira ndi thupi langa lonse kuti isawagwetse. Mbedza zonse ananola ndi tupa, akuti kamwa la mcheni ndi fupa lokhalokha.

Anasinthanso kasankhidwe. Zofewa zonse anaziika pambali. Dzuwa likawala ndipo madzi ali mbee, ankandipatsa kachitsulo koyera. Kukachita mitambo, kapena madzi akadetsedwa pang'ono, ankandipatsa kofiirira ngati mkuwa. Ankati ndiziponya modutsa mkokomo, pamene madzi othamanga akumana ndi odekha kuseri kwa mwala, ndisiye kamire pang'ono, kenako ndizikulunga mwachangu osaima.

Mcheni woyamba unandigwira ndikuganiza za ufa. Ndodo inapindika, kagudumu kanalira, ndipo patsogolo panga panavuuka chinthu chonyezimira, cha mizere yakuda ndi mchira wofiira, chikupukusa mutu m'mwamba.

"Tsitsani ndodo!" anakuwa bambo a Telma. "Ikadumpha tsitsani, isalavule! Kulungani! Musaipatse mpata!"

Sindinadziwe kuti mawu otere adakali nawo. Nditaikokera pamwala anaimenya ndi mtengo pamutu, anaitsegula kukamwa ndi kamtengo n'kundionetsa mano. Amayi ochapa aja anabwera kudzaona, ndipo mmodzi anafunsa ngati ndikugulitsa.

Tsiku limenelo anamwa msuzi, anadya mnofu wa kumsana, ana n'kunyambita zala. M'mawa mwake mapilitsi anakhazikika.

Sikuti ndinkapha tsiku lililonse. Mwa nsomba zimene zinkamenya, zambiri zinkalavula. Koma ndikapha ziwiri, imodzi ndinkasinthanitsa ndi ufa, inayo ya pakhomo, mutu n'kupatsira komadre Marieta pampanda. Iye ndi amene ankandiuza zonse zonenedwa mu bairo: kuti ndili ndi mankhwala, kuti tizitsulo tanga ndi ta kwa sing'anga, kuti mkazi wowedza amathawitsa nsomba za amuna.

"Ndawauza kuti mankhwala ako ndi njala, komadre," ankatero. "Aliyense ali nawo, angoyesa."

Mwezi womwewo kunabwera mayi wina, mkazi wa woyendetsa kamiyau, kudzapempha Telma kuti akamulerere mwana ku Beira. Anati akadya katatu patsiku, ndipo za sukulu akaona. Atsikana awiri a mumsewu wathu anali atapita kale choncho. Telma anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anaima pakhomo akumva zonse, maso ali pansi. Ine ndinayamba kuziganizira, chifukwa kudya katatu sinali nkhani yaing'ono. Anayankha ndi bambo ake, ali gone pamphasa.

"Dona, mwachita bwino kutiganizira. Koma mwanayu amayi ake akumudyetsa. Akalephera tidzakuitanani."

Mayiyo atapita, Telma anakalowa kuchipinda n'kulira, sindikudziwa ngati chinali chisangalalo kapena njala.

Abril

Nyambo za m'bokosi zinkatha. Zina zinatsala m'miyala ya pansi pa madzi, zina zinapita ndi nsomba zazikulu zimene zinawongola waya. Titatsala ndi kachitsulo kamodzi, bambo a Telma anandiuza kuti ndibweretse masupuni a tiyi, amene tinalandira pa ukwati wathu. Tiyi tinali titasiya kale kumwa. Anadula zogwirira, anaboola uku ndi uku ndi msomali, anapinda pang'ono kuti kazivina m'madzi, n'kukwecha ndi phulusa mpaka kuwala. Pa mbedza anamangirira ulusi wofiira umene anasolola ku juzi ya Nelito. Supuni imodzi inkawatengera tsiku lathunthu, chifukwa ankati akakhoma pang'ono n'kupuma. Ankaiyesa mu ndowa, kuikoka ndi chala, n'kupindanso.

"Iyi ikuzungulira kwambiri, ipota chingwe. Iyenera kugwedezeka ngati kansomba kovulala, osati ngati chopukusira mphepo."

Masupuni aja anapha kuposa nyambo za mzungu. Ndinawauza zimenezo, ndipo anasangalala ngati mwana.

Chakumayambiriro kwa mwezi anaoneka ngati akubwerera. Masaya anadzaza pang'ono, ndipo tsiku lina anayenda okha kuchokera pamsewu kufika pamwala. Anayamba kukamba zoti akachira adzanditengera ku Chicamba, ndikaone nsomba yodikira munthu mwaulemu, osati zigawenga za kuno.

Pakati pa mwezi ndinapita ndi Telma ku Degue kukakolola. Chimanga sitinapeze ngakhale chodzaza chitenje, tizitsononkho ta njere zowerengeka. Mapira a kumiyala ndi amene anayesako. Tinadula ngala zimene mbalame zinasiya, ndipo zonse zinakwana m'thumba limodzi limene Telma ananyamula yekha pamutu. Mu shapa aliyense anali ndi kathumba kotero pamiyendo, ndipo palibe amene anafunsa mnzake kuti zayenda bwanji.

Titafika tinawapeza akutentha thupi. Kuyambira pamenepo sanapitenso kumtsinje. Mapazi anayamba kutupa, maso anachita chikasu. Kuchipatala anawagoneka masiku angapo, anasintha mankhwala, n'kutiuza kuti thupi linafooka kwambiri miyezi ija, chiwindi chatopa. Iwo anapempha okha kubwerera kunyumba. Ndinkapitabe kumtsinje ndekha, ndipo ndikabwera ankafuna kumva zonse: madzi anali otani, ndinaponya iti, inamenya pati. Koma nsomba imene ndinkabweretsa ankangoilawa, n'kukankhira mbale kwa Nelito.

Maio

Kunayamba kuzizira m'mawa. Pa merikado panafika chimanga chochokera kutali, mtengo n'kutsikako pang'ono, ndipo anthu anayamba kunena kuti zoopsa zapita. M'nyumba mwathu bambo a Telma anali atasiya kudya. Phala la mapira ankalandira masupuni awiri chifukwa chondimvera chisoni. Ndinasiya kupita kumtsinje, ndinkangokhala pambali pawo kuwapukuta milomo.

Tsiku lina m'mawa anadzuka maso ali owala. Anandipempha kuti ndiwatsamiritse kukhoma, n'kumvetsera kunja.

"Mphepo yagona lero. Madzi akhala ngati galasi." Anapuma. "Mayi a Telma, ndikulakalaka msuzi wa mutu wa mcheni. Wothira tomato ndi kamchere."

"Ndikagula kwa asodzi, ndibwera pompano."

"Ayi, wa asodzi umakhala wagona muukonde. Ndikufuna wanu. Tengani supuni yoyera ija. Mukaponye kuseri kwa mwala wachiwiri."

Sindinkafuna kuchoka. Mpweya wawo unkamveka ngati munthu akukoka thumba pamchenga. Koma anali atatha masiku ambiri osapempha chakudya, ndipo ndinaganiza kuti mwina uku ndiye kutembenuka kwa matenda. Ndinauza Telma kuti asapite kusukulu, ndinaitana komadre pampanda kuti azisuzumira, n'kutenga ndodo ndi njinga.

"Ikadumpha tsitsani," anatero ndili pakhomo.

"Ndikudziwa, bambo a Telma."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa."

Madzi analidi ngati galasi. Ndinaponya kuseri kwa mwala wachiwiri, ndipo sipanatenge nthawi. Inamenya ngati ng'ombe yadula chingwe. Inathawira pakati pa mtsinje mpaka chingwe chinatsala pang'ono kutha pa kagudumu, inadumpha, ndinatsitsa ndodo, inadumphanso. Ndinalimbana nayo mpaka dzuwa linandiwotcha pakhosi, ndikuyankhula nayo mokweza ngati wamisala, kuipempha kuti isandichite chipongwe lero. Nditaikokera pamwala ndinaona kuti sindinaphepo yotere. Inali yaitali kuchokera m'chiuno mwanga kufika pansi. Asodzi a m'bwato aja anaimika nkhafi n'kuwomba m'manja.

Ndinaimanga pa kaliyala, mchira ukukhudza tayala, n'kuyamba kukankha mothamanga. M'njira ndinagula tomato awiri. Ndinkakonza m'mutu mmene ndikawafotokozere, kuyambira pa kumenya mpaka pa kudumpha kwachiwiri.

Nditalowa mumsewu wathu ndinadabwa kuti palibe amene akufunsa mtengo. Masiku onse anthu ankandiimitsa, ana n'kumathamangira njinga. Tsiku limenelo amayi a pampopi anangoyang'ana nsomba, kuyang'ana ine, n'kuyang'ana pansi. Kenako ndinaona komadre Marieta akubwera pakati pa msewu, wopanda nsapato, manja ali kumutu. Ndinasiya njinga, inagwa ndi nsomba yomwe m'fumbi.

Telma anandiuza pambuyo pake kuti bambo ake sanavutike pomwalira. Anamufunsa ngati amayi afika kumtsinje, iye anati afika. Anati ndi bwino, n'kupempha kuti awagoneke.

M'nyumba munalibe ndiwo zodyetsa anthu a pamaliro. Marieta anatola nsomba ija, anaitsuka fumbi, anaitumbula, anaithira mchere n'kuiwamba. Mawa lake, titabwera kumanda, anaiphika mumphika waukulu, pamodzi ndi ufa umene anansi anasonkha m'timbale. Ine ndinali m'nyumba pamphasa ndi amayi ena, nditatsamira khoma, ndipo zonena za amuna panja zinkamveka pawindo. Alamu anga a Zakariya anali atafika kuchokera ku Angónia m'mawa womwewo.

"Nsomba yonona chonchi chaka chino?" ndinawamva akufunsa. "Mwagula kuti?"

Telma ndi amene ankazungulira ndi madzi osamba m'manja.

"Sitinagule, bambo aang'ono. Apha ndi amayi."

"Amayi ako? Mcheni waukulu chonchi?"

"Ababa anawatuma dzulo. Amati akufuna msuzi."

Patapita kanthawi Marieta analowa, anagwada patsogolo panga, n'kundiika kapu m'manja. Munali msuzi wa mutu, wofiira ndi tomato uja.

"Imwani, komadre. Simunalawe kanthu chidzulo."

Ndinaigwira ndi manja awiri. Inali yotentha, mafuta akuyandama pamwamba, mchere wake ukumveka ndi fungo lomwe kuti wakwana. Ndinakhala nayo choncho, amayi akuimba nyimbo ina n'kuyamba ina, mpaka inazizira.